Kuika authentication pakati pa marauta: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi anzanga amene angopatsidwa kumene udindo wosamalira netiweki ya marauta angapo. Ambiri mwa iwo OSPF kapena BGP, imene marauta amauzirana nayo kodutsitsa mapaketi, anaiika kale ndipo ikuyenda bwino, koma akafika pa authentication, yotsimikizira kuti amene akulankhula ndi rauta ndi wololedwa, mtima umagunda, poopa kuti akangolakwitsa pang'ono adula maofesi onse. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo mayankho ambiri pano akukhudza zomwezo. Makomandi ambiri ndalemba a Cisco IOS. A Juniper ndi MikroTik ndawatchula pomwe akufunika.

Kodi authentication imeneyi imagwira ntchito yanji kwenikweni?

Rauta ya OSPF ndi yochezeka mopitirira muyeso. Pa Ethernet, masekondi 10 aliwonse imatumiza paketi ya Hello ku adiresi ya 224.0.0.5, ndipo chilichonse chimene chayankha ndi area yofanana, subnet yofanana komanso nthawi za Hello ndi Dead (nthawi yodikira mnzake amene wangoti zii asanamuchotse) zofanana chimalandiridwa kukhala neba, mnzake wouzana naye njira. Sifunsa kuti ndinu ndani, mwachokera kuti. Nebayo akanena kuti njira yopita ku 10.20.0.0/16 yadzera kwa iye, rauta imalemba, n'kuuzanso marauta ena onse a mu area imeneyo.

Authentication imathetsa kukhulupirira aliyense kumeneku. Marauta awiri amapatsidwa kiyi yachinsinsi yofanana. Rauta yotumiza imatenga paketi pamodzi ndi kiyi ija, n'kuwerengetsa nambala yaitali yotchedwa hash, n'kuimata kumapeto kwa paketi. Yolandira imawerengetsanso ndi kiyi yake. Nambala zikafanana, ndiye kuti wotumizayo ali ndi kiyi yolondola ndipo paketi sinasinthidwe panjira. Zikasiyana, paketi imatayidwa mwakachetechete, osayankhidwa n'komwe. Kiyi yeniyeniyo siyenda pachingwe.

Netiweki yathu ndi ya mkati, palibe wakunja amafikapo. Tidzivutitsirenji?

Amene amagwetsa OSPF kawirikawiri si wakuba wochokera kutali. Amakhala mnzanu wa muofesi momwemo, amenenso analibe cholinga choipa.

Ndinaziona ndi maso anga pakampani ina imene ndinkathandiza. Mnyamata wina anatenga rauta yakale kustolo kuti ayesere chingwe chatsopano, n'kuilumikiza pa switch ya m'chipinda cha maseva. Sanadziwe kuti mkati mwake munali config yakale yonse, kuphatikizapo OSPF ya area 0 ndi mzere wakuti `default-information originate always`. Miniti isanathe rautayo inali italandiridwa ngati neba, ndipo inauza marauta ena kuti njira yopita pa intaneti ili kwa iyo. Mapaketi anayamba kuthamangira kukabokosi kafumbi kamene kanali patebulo, kopanda kulikonse kowapititsa. Mafoni anayamba kulira. Tinafufuza pafupifupi ola lathunthu, tikuganizira kampani yotipatsa intaneti, tikuganizira firewall, chifukwa palibe anaganizako za karauta kaja. Pakanakhala kiyi, Hello yake yoyamba ikanatayidwa, ndipo palibe akanadziwa n'komwe kuti kayatsidwa.

Kumbukiraninso kuti masiku ano sipafunika rauta yeniyeni. Laputopu ya Linux yokhala ndi pulogalamu ya FRR kapena BIRD imalankhula OSPF bwinobwino. Choncho pambali pa kiyi, ikani `passive-interface default` n'kutsegula ma interface okhawo amene ali ndi rauta kutsidya kwake. Malo amene ogwira ntchito amalumikizapo makompyuta awo sayenera kumva Hello ngakhale imodzi.

Ndiye kuti zimene marauta akuuzana zibisika?

Ayi. Amene wapeza mpata wojambula mapaketi ndi Wireshark adzaona ma LSA onse (mauthenga a OSPF ofotokoza njira), ma subnet anu ndi router ID ya rauta iliyonse, ngati mmene akanaonera popanda kiyi. Chimene sangathe ndi kulemba paketi yakeyake kuti ilandiridwe. Ngati mukufuna kubisa, ndiye nkhani ya IPsec kapena MACsec, ndipo imeneyo ndi ntchito ina.

Mu OSPF muli mitundu ingati ya authentication, ndipo ndisankhe uti?

RFC 2328 ya 1998, imene ndi chikalata chofotokoza OSPFv2, inaika mitundu itatu. Type 0 ndiye kuti palibe authentication. Type 1 ndi pasiwedi wamba ya zilembo zosapitirira 8, imene imalembedwa mupaketi iliyonse momwe ilili. Type 2 ndi ya hash ija, imene poyamba inali ya MD5 yokha, ndi kiyi ya zilembo zosapitirira 16. Mu 2009 RFC 5709 inawonjezera HMAC-SHA mu Type 2 momwemo, kuyambira SHA-1 mpaka SHA-512.

Type 1 imathandiza pa ngozi ngati ya karauta kakustolo kaja, basi. Munthu wa Wireshark amaiwerenga pasiwediyo pa Hello yoyamba. Popeza kuika Type 2 kumafuna mizere iwiri yomweyo, sindiona chifukwa chosankhira Type 1 lero.

Type 2 ili ndi phindu linanso limene ambiri salidziwa. Paketi iliyonse imanyamula nambala imene imapita mokwera, siibwerera m'mbuyo. Wina akajambula paketi ya dzulo n'kuitumizanso lero, rauta imaona kuti nambala yake ndi yotsika kuposa imene yalandira kale, n'kuitaya.

Langizo langa: HMAC-SHA-256 ngati marauta onse awiri akuidziwa, MD5 ngati imodzi ndi yakale.

Pa Cisco ndilemba chiyani?

Pa MD5, lowani mu interface n'kulemba mizere iwiri iyi, mbali zonse ziwiri za chingwe:

```
interface GigabitEthernet0/0
 ip ospf message-digest-key 1 md5 KIYI_YANU
 ip ospf authentication message-digest
```

Mzere woyamba ukusunga kiyi, wachiwiri ukuyatsa. Nambala 1 ndi key ID, ndipo iyenera kufanana mbali zonse. Pa SHA pamafunika key chain, ndipo IOS yake ikhale ya 15.4 kapena yatsopano kuposa pamenepo:

```
key chain OSPF-MAKIYI
 key 1
  key-string KIYI_YANU
  cryptographic-algorithm hmac-sha-256
interface GigabitEthernet0/0
 ip ospf authentication key-chain OSPF-MAKIYI
```

Dzina la key chain ndi la rauta yanu yokha, siliyenda mupaketi, choncho likhoza kusiyana ndi la neba. Nambala ya kiyi, kiyi yeniyeni ndi mtundu wa hash ndizo ziyenera kufanana.

Nanga komandi ya `area 0 authentication message-digest` ikusiyana bwanji ndi ya pa interface?

Imayatsa Type 2 pa ma interface onse a rautayo amene ali mu area 0, pakamodzi. Koma kiyi siiika. Kiyi imalembedwabe pa interface iliyonse payokha. Ndipo zimene mwalemba pa interface zimaposa za pa area, mwakuti `ip ospf authentication null` imachotsa interface imodzi m'gulumo ngati kutsidya kuli chipangizo chosadziwa MD5.

Apa pali mbuna ziwiri. Yoyamba: mukayatsa pa area n'kuiwala kiyi, Cisco siikana. Imagwiritsa ntchito key ID 0 ndi kiyi yopanda kanthu. Marauta awiri oiwalidwa chimodzimodzi amagwirizana mpaka kufika pa Full, inu n'kumati netiweki ndi yotetezeka, pamene chitseko changotsekedwa chosakhoma. Lembani `show ip ospf interface` ndipo muyang'ane kumunsi: payenera kuoneka nambala ya kiyi yanu, osati mawu onena kuti palibe kiyi.

Yachiwiri ndi virtual link, njira yolumikizira area yakutali ku area 0. Ngakhale imadutsa mu area ina, imawerengedwa kuti ndi ya area 0. Mukayatsa authentication pa area 0, virtual link imafunanso kiyi yake, pamzere wa `area 1 virtual-link 2.2.2.2 message-digest-key 1 md5 KIYI_YANU`, ndipo rauta ya kutsidya, imene mwina ilibe interface yeniyeni mu area 0, iyeneranso kuyatsidwa.

Mbali ina ndi Juniper, ina MikroTik. Zigwirizana?

Zigwirizana, chifukwa zimene zimayenda pachingwe ndi zimodzi. Chosiyana ndi kalembedwe. Pa Junos:

```
set protocols ospf area 0.0.0.0 interface ge-0/0/0.0 authentication md5 1 key "KIYI_YANU"
```

Pa RouterOS 7 zimalembedwa mu `/routing ospf interface-template`, ndi `auth=md5`, `auth-id=1` komanso `auth-key`. FRR imalemba pafupifupi ngati Cisco. Posakaniza mitundu ya marauta, sankhani kiyi ya zilembo ndi manambala okha, yosapitirira 16. Kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake pa kiyi yaitali: ina imaidula, ina imaikana. Kiyi imene yadulidwa mbali imodzi yokha ingakugwiritseni njakata tsiku lonse, inu mukulumbira kuti munalemba zofanana.

Ndaika kiyi koma neba wasowa. Ndiyambire pati?

Choyamba zindikirani maonekedwe a vutoli. Authentication ikalephera, Hello imatayidwa isanawerengedwe, choncho neba saoneka n'komwe mu `show ip ospf neighbor`. Ngati akuoneka koma wakakamira pa ExStart kapena Exchange, kiyi ili bwino, kayang'aneni MTU, kukula kwa paketi kololedwa pa interface. Ngati ali pa 2-Way pa Ethernet ya marauta ambiri, mwina palibe vuto, ndi mmene amakhalira marauta awiri amene si DR kapena BDR, atsogoleri osankhidwa pa Ethernet imeneyo.

Kenako yatsani `debug ip ospf adj` kwa kanthawi kochepa. Uthenga wake umasiyanitsa zinthu ziwiri. Ukadandaula za authentication type, n'kutchula kuti yabwera ndi type 0 pamene inu muli pa type 2, ndiye kuti mbali imodzi sinayatsidwe. Ukadandaula za key, mbali zonse zayatsidwa koma key ID kapena kiyi yeniyeni zasiyana. Mukamaliza lembani `undebug all`, makamaka pa rauta yotanganidwa.

Kiyi zikamaoneka zofanana koma zikukanabe, apa m'pamene pamafunika kudekha kwa woona maso a nkhono. Nthawi zambiri wapalamula ndi mpata wosaoneka kumapeto kwa kiyi. Munthu amakopera kiyi mu imelo kapena pa WhatsApp, n'kutengera limodzi kampata kamodzi kotsatira, ndipo Cisco imakawerenga ngati chilembo. Pasikirini simuona kanthu. Musataye nthawi poyerekeza ndi maso: fufutani kiyi mbali zonse, n'kuilembanso ndi zala. Zina zofala ndi chilembo chachikulu m'malo mwa chaching'ono, O m'malo mwa ziro, komanso chizindikiro cha funso m'kati mwa kiyi, chimene pa Cisco chimangotsegula mndandanda wa thandizo osalowa mukiyimo. Palinso amene amakopera mzere wa config yakale wokhala ndi kiyi yobisidwa, n'kusiya nambala 7 imene imakhala kutsogolo kwake. Rauta imatenga zilembo zosokonekerazo kuti ndiyo kiyi.

Ndingayatse bwanji pa netiweki imene ikugwira ntchito osadula anthu?

Funso ili ndi limene limasowetsa anthu tulo, ndipo yankho lake lagona pa Dead interval. Mukayatsa mbali imodzi, marauta awiriwo amasiya kumvana nthawi yomweyo, koma ubale wawo sufa mpaka nthawi ya Dead itakwana, imene pa Ethernet ndi masekondi 40 ngati simunaisinthe. Mukamaliza mbali yachiwiri m'kati mwa nthawi imeneyo, Hello yotsatira imalandiridwa ndipo palibe njira imene imagwa.

Ndiye konzekerani chonchi. Lembani makiyi pa ma interface onse kaye, osayatsa. Pa Cisco kiyi yosayatsidwa siichita kanthu, mukhoza kuilemba ngakhale dzulo lake. Tsegulani mawindo awiri, lina la rauta iyi, lina la inayo, komandi yoyatsira italembedwa kale. Yambani ndi rauta yakutali, kenako yapafupi. Mukayamba ndi yapafupi n'kuchedwa, njira yofikira yakutali ija imagwa, ndipo chotsala ndi kukwera galimoto ndi chingwe cha console m'chikwama.

Dziikireninso pothawira. Pa Cisco lembani `reload in 10` musanasinthe kanthu ndipo musasunge config; zikavuta rauta idzadzuka yokha ndi config yakale pakatha mphindi 10, zikayenda lembani `reload cancel`. Juniper ili ndi `commit confirmed`, MikroTik ili ndi Safe Mode. Ndipo yendani chingwe chimodzi panthawi. Komandi ya pa area imakhudza ma interface onse pakamodzi, pamene inu muli ndi manja awiri okha. Ngati munatsitsa nthawi za Hello ndi Dead kufika pa sekondi imodzi kapena atatu, mpata uja palibe; pemphani nthawi ya usiku.

Kiyi isinthidwe liti, ndipo motani?

Isinthidwe pamene munthu amene ankaidziwa wachoka pantchito, pamene config yatumizidwa kunja kwa kampani, komanso pamene rauta yabedwa kapena yagulitsidwa isanafufutidwe. Kupatula apo, ikani nthawi yanu imene mungaikwanitse. Ndaonapo makiyi a zaka khumi amene aliyense wodutsa pakampani ankawadziwa pamtima, chifukwa palibe analimba mtima kuwakhudza. Kuika kiyi n'kosavuta. Ukatswiri uli pa kuisintha, ndipo njira yosinthira muiganizire tsiku lomwe mukuika yoyamba.

Pa `message-digest-key` Cisco inakonza bwino. Onjezerani kiyi 2 osachotsa kiyi 1. Rauta imayamba kutumiza paketi iliyonse kawiri, ina ndi kiyi yakale, ina ndi yatsopano, ndipo `show ip ospf interface` imanena kuti rollover ili m'kati. Maneba onse akalandira kiyi 2, kutumiza kawiri kumatha kokha. Pamenepo chotsani kiyi 1 paliponse. Ambiri amaiwala gawo lomalizali, ndipo kiyi yakale imakhalabe yolandiridwa, ngati loko watsopano pakhomo pamene zenera lili pululu.

Key chain imachita ndi nthawi. Kiyi iliyonse ili ndi `send-lifetime`, nthawi yotumizira, ndi `accept-lifetime`, nthawi yolandirira. Nthawi yolandirira ya kiyi yatsopano iyambe msanga, ya kiyi yakale ithe mochedwa, kuti zilowane kwa maola angapo. Mukatero marauta amasintha okha usiku inu muli mtulo.

N'chifukwa chiyani amati key chain imafuna NTP, njira yokonzera wotchi ya rauta?

Chifukwa rauta imene wotchi yake yasokonekera imasankha kiyi yolakwika, kapena imaona kuti ilibe kiyi yogwira ntchito. Ndipo pali msampha wina umene unandigwirapo pa nthambi ina yakutali ya EIGRP, mnzake wa OSPF wopangidwa ndi Cisco. Magetsi anazima nthawi yaitali mpaka mabatire anatha. Atabwera, rauta inadzuka, koma inali ya mtundu wakale wa Cisco wopanda batire la wotchi, umene ukadzuka umaganiza kuti ndi pa 1 March 1993. Makiyi onse a mu key chain anali ndi nthawi yoyambira ya zaka zambiri kutsogolo kwa tsiku limenelo, choncho rauta inaona kuti palibe kiyi imene nthawi yake yakwana. Popanda kiyi, EIGRP sinadzuke. Popanda EIGRP, panalibe njira yopita ku seva ya NTP imene inali kulikulu. Popanda NTP, wotchi inakhalabe mu 1993. Nthambi inakhala chete mpaka munthu anapita kukalemba `clock set` ndi manja.

Kuyambira pamenepo ndimaonetsetsa kuti rauta ya panthambi ikutenga nthawi kwa neba wolumikizana naye mwachindunji, pa adiresi ya pachingwe chomwecho, imene siifuna routing protocol kuti ifikiridwe. Kwa ife amene magetsi amatizimira pafupipafupi, mfundo imeneyi si yongowerenga m'buku. Iyeseni pozimitsa rauta dala musanaitumize kutali.

Ndinamva kuti MD5 inathyoledwa. Ndiichotse?

Musaichotse popanda choika m'malo mwake. MD5 anaipanga Ron Rivest mu 1991, ndipo mu 2004 Xiaoyun Wang ndi anzake anaonetsa kuti n'zotheka kupanga mauthenga awiri osiyana okhala ndi hash imodzi. Zimenezi zinaipha pa nkhani ya ma certificate. Koma kunamiza rauta kumafuna zambiri kuposa pamenepo, chifukwa wonamizayo ayenera kutulutsa hash yolondola ya paketi yake asakudziwa kiyi.

Ngozi yeniyeni ya MD5 pa marauta ndi liwiro lake. Munthu akajambula Hello imodzi yokha, amapita nayo kunyumba n'kuuza kompyuta kuti iyese makiyi miyandamiyanda pasekondi mpaka hash ifanane. Kiyi ikakhala dzina la kampani ndi chaka, kapena `cisco123`, imapezeka tiyi asanazizire, ndipo SHA-256 singakupulumutseni pa kiyi yotere. Ikani zilembo zonse 16, zosankhidwa ndi kompyuta, zopanda tanthauzo. Kenako samukirani ku SHA pamene marauta akulola.

Pa IPv6 sindikupeza makomandi amenewa. Apita kuti?

OSPFv3, imene ndi OSPF ya IPv6, inachotsa malo a authentication mupaketi yake, poyembekezera kuti IPsec idzagwira ntchitoyo. Kachitidwe kake kali mu RFC 4552 ya 2006. Pa Cisco mumalemba `ipv6 ospf authentication ipsec spi 500 sha1` n'kutsatiza kiyi ya zilembo 40 za hexadecimal. Pa MD5 ndi 32. Nambala ya SPI imayambira pa 256 ndipo iyenera kufanana mbali zonse.

Anthu ambiri anaiona njirayi kuti ndi yolemetsa, ndipo marauta ena analibe IPsec. N'chifukwa chake kunabwera Authentication Trailer, imene ili mu RFC 7166 ya 2014: hash imamatidwa kumapeto kwa paketi ngati mu OSPFv2, ndipo pa Cisco ndi `ospfv3 authentication key-chain` ndi dzina la key chain. Njira ziwirizi sizimvana, choncho gwirizanani imodzi. Chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti IPv4 yakhomedwa bwino koma OSPFv3 pachingwe chomwecho ili chitsegukire, chifukwa inaikidwa pambuyo pake ngati yongoyesera.

Nanga EIGRP, RIP ndi IS-IS?

EIGRP imagwiritsa ntchito key chain pa MD5, ndi mizere iwiri pa interface: `ip authentication mode eigrp 100 md5` ndi `ip authentication key-chain eigrp 100` kutsatiza dzina. HMAC-SHA-256 imapezeka mu named mode. Hold time yake pa Ethernet ndi masekondi 15, choncho mpata wosinthira ndi wochepa kuposa wa OSPF. RIP yoyamba ilibe authentication. RIPv2 ili nayo. IS-IS imakhoma malo awiri osiyana, ma Hello a pa interface ndi ma LSP (mauthenga ake ofotokoza njira) a level yonse, ndipo mukakhoma ma LSP pa rauta imodzi yokha, neba amaoneka kuti alipo koma njira sizibwera.

Pasiwedi ya BGP ndi chimodzimodzi ndi ya OSPF?

Cholinga ndi chimodzi koma malo ndi osiyana. BGP imayenda pa TCP, port 179, ndipo hash yake siikhala mu uthenga wa BGP koma mu TCP momwemo, monga option 19, malinga ndi RFC 2385 ya 1998. Pa Cisco ndi `neighbor 192.0.2.1 password KIYI_YANU`, pa Junos ndi `authentication-key`, pa RouterOS ndi `tcp-md5-key`.

Kwa zaka zingapo ambiri sankaiika. Zinasintha mu April 2004, pamene Paul Watson anaonetsa pamsonkhano wa CanSecWest ku Vancouver kuti kudula TCP ndi paketi yabodza ya RST, yolamula kuti kulumikizana kuthe, n'kosavuta kuposa mmene anthu ankaganizira: sipafunika kulosera sequence number yeniyeni, bola igwere m'kati mwa window. BGP, imene imakhala yolumikizana kwa miyezi pa maadiresi odziwika, inali pangozi kwambiri, ndipo makampani a intaneti anathamangira kuika MD5 m'masabata amenewo.

Vuto la njirayi n'lakuti ilibe key ID, choncho simungakhale ndi makiyi awiri pakamodzi. Posintha, mbali zonse ziyenera kusintha hold time isanathe, imene pa Cisco ndi masekondi 180 ngati simunagwirizane ina. Ndipo kutsidya kumakhala kampani ina. Ngati mukulumikizana pamalo ngati Malawi Internet Exchange ku Blantyre kapena NAPAfrica ku Johannesburg, imbiranani foni ndi injiniya wa mbali inayo, muwerenge limodzi, mudinize Enter nthawi imodzi. TCP-AO, ya mu RFC 5925 ya 2010, inabwera kudzathetsa zimenezi: ili ndi manambala a makiyi ndipo imalola kusintha osadula. Cisco, Juniper ndi Nokia ali nayo pa mapulogalamu awo atsopano, ndipo Linux inailandira mu kernel 6.7. Funsani mnzanuyo ngati ali nayo musanagwirizane za MD5.

Mu log ya Cisco, uthenga wa `%TCP-6-BADAUTH` ukanena kuti No MD5 digest, mnzanu sanaike pasiwedi. Ukanena kuti Invalid MD5 digest, waika koma yasiyana ndi yanu, kapena china chake chasintha paketi panjira.

Pasiwedi ndi yofanana koma BGP yodutsa pa firewall ikukana. Chalakwika n'chiyani?

Hash ya TCP imawerengera maadiresi a IP ndi mutu wa TCP, kuphatikizapo sequence number. Chilichonse chosintha zimenezi panjira chimaiwononga. NAT imasintha adiresi. Ma firewall ena, monga Cisco ASA, amasintha sequence number dala pofuna kuteteza, ndiponso amachotsa option 19. Pa firewall yotere, lolani option 19 n'kuzimitsa kusintha kwa sequence number pa BGP imeneyo yokha. Pa NAT, chotsani NAT pakati pa marauta awiriwo.

Ndikaika pasiwedi pa BGP, ndiye kuti palibe angabe ma prefix (zigawo za maadiresi) anga?

Ayi, ndipo apa m'pamene ndimafuna kuti aliyense amvetse. Kiyi imatsimikiza kuti amene akulankhula ndi neba wanu weniweni. Siitsimikiza kuti zimene akunena ndi zoona.

Pa 24 February 2008, Pakistan Telecom, pofuna kutseka YouTube m'dziko mwawo potsatira lamulo la boma, inalengeza 208.65.153.0/24, kachigawo ka maadiresi a YouTube. Chilengezocho chinatulukira kwa PCCW, kampani ya ku Hong Kong imene inkawapatsa intaneti, ndipo PCCW inachipititsa kudziko lonse. Popeza marauta amatsata kachigawo kakang'ono kuposa chachikulu, /24 inaposa /22 imene YouTube inkalengeza, ndipo motero, marauta anasankha njira ya ku Pakistan, ndipo YouTube inasowa kwa anthu ambiri pafupifupi maola awiri. Palibe ananamizira kukhala wina. Neba aliyense panjirapo anali weniweni, ndipo pasiwedi ikanalandira uthengawo ndi manja awiri.

Chimene chimaletsa zotere ndi prefix-list pa kasitomala aliyense, `maximum-prefix`, ndi RPKI, imene imalola mwini maadiresi kusaina kuti ndi AS iti (netiweki ya kampani iti) yololedwa kuwalengeza. Kwa amene maadiresi anu anachokera ku AFRINIC, monga makampani a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ROA, chikalata chosainidwacho, imapangidwa kumeneko. Pa neba wolumikizana naye mwachindunji onjezeraninso `ttl-security hops 1`, mbali zonse ziwiri, kuti paketi yochokera kutali itayidwe isanavutitse rauta.

Mu config kiyi ikuoneka yosokonekera. Ndi yotetezeka?

Ngati kutsogolo kwake kuli nambala 7, ayi. `service password-encryption` imangoletsa woima kumbuyo kwanu kuwerenga pasikirini; Type 7 imabwezedwa pakamphindi ndi timapulogalamu topezeka paliponse. Ya Juniper yoyamba ndi `$9$` ndi chimodzimodzi. Rauta iyenera kudziwa kiyi yeniyeni kuti iwerengetse hash, choncho singaisunge m'njira yosabwezeka ngati mmene imasungira pasiwedi yolowera. Pa Cisco yatsopano gwiritsani ntchito Type 6, imene imabisa ndi AES: `key config-key password-encrypt` kenako `password encryption aes`. Master key imeneyo muisunge malo abwino, chifukwa siilembedwa mu config, ndipo rauta ikafa, config yanu singagwire pa ina popanda iyo.

Musanatumize config kwa aliyense wofuna kukuthandizani, fufutani mizere ya makiyi.

Kiyi imodzi netiweki yonse, kapena chingwe chilichonse yake?

Pa BGP ya kunja palibe zokambirana: kampani iliyonse kiyi yake. Simungapatse makampani awiri opikisana chinsinsi chimodzi.

Mkati mwa netiweki yanu, kiyi imodzi ndi yosavuta kusamala, koma rauta imodzi ikabedwa panthambi ya kumudzi, wakubayo wanyamula kiyi ya likulu lomwe. Kiyi yosiyana pachingwe chilichonse ndi yabwino ngati muli ndi Ansible kapena chida china cholembera ma config; ndi manja, pa marauta 30, mudzatopa n'kuyamba kulemba makiyi osavuta kulosera. Ine ndimagawa patatu: marauta a pakati, amene ali m'zipinda zokhoma, kiyi yawo, area iliyonse ya nthambi kiyi yake, ndipo rauta iliyonse yokhala pamalo amene sindingawayang'anire, monga pansanja ya wailesi kapena m'nyumba ya kasitomala, kiyi yakeyake imene siipezeka kwina kulikonse. Imeneyo ikasowa, ndimasintha mzere umodzi pa rauta imodzi ya kutsidya kwake, usiku womwewo.